Fomu yosaina imabwela m'Chinyanja, yankho limabwela m'Chizungu

Kanyama, Chawama, George, Matero na Misisi ni maina odziwika ku London na ku Boston, mwina kupambana mmene amadziwikila ku Kabulonga. Amapezeka m'magazini akuluakulu a madokota, ndipo pali anthu ambili amene anatengela madigili awo pa chifuwa chathu na pa mimba za ana athu. Kwa zaka zoposa 20, mayunivesiti akunja, mogwilizana na UNZA na chipatala cha UTH, akhala akulowa m'makomboni kutenga makhololo, magazi na chimbudzi cha makanda, kupima mikono ya ana na tepi, kujambula mapapo. Manje kaimeni pa mzele wa ku sikelo pa kiliniki iliyonse, mufunse amai amene analowetsapo mwana wawo m'kafukufuku kuti kunapezeka chiyani. Ambili adzakuuzani kuti anali kupatsidwa ndalama ya transport ndipo manesi a kumeneko anali aulemu. Za yankho, zii.

Nkhani yanga lelo ni imodzi chabe. Amene watenga magazi a munthu kuti aphunzililepo ali na nkhongole kwa mwini magaziwo, ndipo nkhongoleyo siitha na ndalama ya basi. Imatha pamene munthuyo, banja lake na komboni yake auzidwa zimene zapezeka, m'chinenelo chimene amakamba pa nyumba, komanso pamene boma layankha kuti lichitapo chiyani. Fomu yovomeleza kulowa m'kafukufuku imamasulilidwa m'Chinyanja mosamala, liwu na liwu, chifukwa popanda siginecha yathu kapena chala chathu ntchito siingayambe. Koma zotulukapo zimalembedwa m'Chizungu cholimba chimene olo mwana wa Grade 12 sangachikwanitse. Chinyanja chimakumbukika pa tsiku lopempha, pa tsiku lobweza chaiwalika.

Nisanapitilile, lekani nikambe poyela kuti sinili kumbali ya aja amene amati kafukufuku ni Satanism. Ntchito imene yachitika muno mu Lusaka yapulumutsa ana ambili, kuno na kunja komwe. Pakati pa 2001 na 2003, malemu ba Professor Chifumbe Chintu na anzawo a ku UTH, pamodzi na ofufuza a ku Britain, anatsatila ana oposa 500 okhala na kadoyo ka HIV. Ena anali kumwa Septrin tsiku lililonse, ena mapilisi opanda mankhwala. Pakati pa ana omwa Septrin imfa zinatsika na 43 pa 100, mpaka kafukufukuyo anamuimitsa nthawi isanakwane chifukwa kukanakhala kulakwa kupitiliza kumana ana enawo. Zotulukapo zitasindikizidwa mu 2004, WHO na UNICEF anasintha malangizo a dziko lonse lapansi. Mwana wa ku Uganda kapena ku India amene anapulumuka chibayo chifukwa cha kapilisi kameneka anapulumuka pa umboni wa ana a mu Lusaka. Ni angati a ife amene tinauzidwapo zimenezi?

Tikhale pa chibayo pomwepo. Kuyambila mu 2011, UTH inali imodzi mwa malo a kafukufuku wa PERCH, amene anachitika m'maiko 7 motsogoleledwa na yunivesiti ya Johns Hopkins, kufuna kudziwa chimene chimayambitsa chibayo choopsa kwa ana ang'ono. Yankho linatuluka mu 2019: kadoyo kochedwa RSV ndiye kanali patsogolo, pafupifupi mwana mmodzi pa atatu alionse. Mu 2015, amai na makanda pafupifupi 2,000 a ku Chawama analowa m'kafukufuku wina wa Boston University wa chifuwa chokoka mtima. Ndiyeno kuyambila 2017 mpaka 2020, gulu limodzimodzilo, lokhala na ba Dr Lawrence Mwananyanda na ba Christopher Gill, linagwila ntchito pa mochale ya UTH. Anali kupempha makolo amene angotaya khanda kuti alole kutengako tumamina m'mphuno mwa mtembo. Mabanja oposa 2,000 anavomela. Ganizilani bwino zimenezo. Mai alila, atate ali pa mzele wa mapepala a BID, koma avomela kuti mwana wawo awelengedwe kuti mwina wa mnzawo adzapulumuke.

Anapeza kuti pa makanda atatu alionse amene anafa na RSV, pafupifupi awili anafela kunyumba kapena panjila, osafika pa bedi ya chipatala. Iyi ni nkhani imene inafunika kumveka pa msika wa Soweto, m'machechi, m'mabasi a ku Matero. Inafunika kusanduka mau osavuta: khanda likayamba kupuma mofulumila, nthiti zikamalowa mkati, likamalephela kuyamwa, musayembekezele kuti kuche, musayambe mwapita kukagula Panado pa kantemba, thamangani nalo. Ku Britain anayamba kupatsa amai apakati katemela wa RSV mu September 2024, ndipo WHO inavomeleza katemela ameneyu mu March 2025. Ife amene tinapeleka ana athu akufa kuti dziko lidziwe kukula kwa vutoli tili na ufulu wofunsa Unduna wa Zaumoyo kuti amai a ku Chawama na ku Mtendere ali pa namba chani pa mzele.

Za TB ni chimodzimodzi. Zambart, imene inabadwa pa mgwilizano wa sukulu ya udokota ya UNZA na London School of Hygiene and Tropical Medicine, inachita kafukufuku wa ZAMSTAR m'madela 24 a Zambia na South Africa. Zotulukapo za mu 2013 zinalozela ku mfundo yakuti kuyendela mabanja amene muli wodwala TB kumathandiza kuposa kungoitana anthu kuti abwele kukapimitsa. Pambuyo pake kunabwela PopART, ndipo a ku Kanyama mukumbukila achinyamata aja a zikwama amene anali kugogoda nyumba na nyumba kupima HIV na kufunsa za chifuwa. CIDRZ, imene inayamba mu 2001 mogwilizana na University of Alabama at Birmingham, ili na labu yake yaikulu mu Kalingalinga. Anthu a mu Lusaka analinso pakati pa akuluakulu pafupifupi 3,500 a ku Zambia, Kenya na South Africa amene anayesedwapo katemela watsopano wa TB wochedwa M72. Katemelayu anateteza pafupifupi theka la anthu kwa zaka zitatu, chinthu chachikulu maningi tikakumbukila kuti BCG, amene anatisiyila chipsela pa dzanja, ni wa mu 1921. Gawo lothela la kuyesa M72 linayamba mu 2024 ndipo Zambia ilimo. Akadzavomelezedwa, mtengo wake udzakambidwa kutali na kuno. Nthawi yofunsa kuti amene anapeleka mikono adzamupeza liti ni ino, pamene akali kutifuna.

Koma nkhani imene imaniwawa kopambana ni ya zakudya. Kafukufuku wa boma wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Zambia ni opinimbila, kutanthauza kuti ni aafupi kuyelekezela na zaka zawo. Mu komboni tidziwa amene amasenza mlandu umenewu. Ni mai. Ku sikelo amukalipila kuti sadyetsa mwana, apongozi amunena ulesi, aneba amuseka. Manje mvelani zimene gulu la TROPGAN, la ba Professor Paul Kelly a ku Queen Mary University of London na ba Dr Beatrice Amadi a ku UTH, linapeza ku Misisi, pafupi na Chawama, kumene lagwila ntchito zaka zoposa 20. Anatenga ana opinimbila n'kumawapatsa phala la soya, dzila tsiku lililonse na mavitamini. Ambili sanakule mmene zinali kuyembekezeleka. Madokota atayang'ana m'matumbo mwa anawo na kamela, anapeza kuti mkati munasintha. M'matumbo a munthu muli tunthu tonga ubweya wa thaulo tumene tumayamwa chakudya. Mwa ana awa tunali tutafupika na kuphwatalala chifukwa cholimbana na tuzilombo toyambitsa matenda tsiku na tsiku, olo pamene mwana satsegula m'mimba. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2021.

Tanthauzo lake ni lakuti mai angagulitse tomato tsiku lonse, agule ka pamela, kapenta na dzila, koma ngati mwana akwawa pa bwalo pamene pasefukila chimbudzi cha aneba mvula ikagwa, ngati madzi achoka pa chitsime chokumbidwa pafupi na chimbudzi, chakudyacho chipita pachabe. Tuzilombo tumenetu tumayenda njila imodzi na kolela imene inatikantha mu 2017 na 2018, n'kubwelanso mu 2023 na 2024 mpaka Heroes Stadium kusanduka chipatala, masukulu kuchedwa kutsegulidwa, anthu oposa 700 kumwalila. Pepala la ku Misisi, likamasulilidwa bwino, ni kalata yopita ku khonsolo ya Lusaka, ku kampani ya madzi na kwa aphungu athu. Likati likhale m'Chizungu pa intaneti, mai apitiliza kukalipilidwa pa mlandu wa ngalande zimene sizinakumbidwe.

Palinso kafukufuku wa HOPE-SAM, amene anatsatila ana ogonekedwa ku UTH na ku zipatala za ku Harare chifukwa cha kupelewela koopsa kwa zakudya m'thupi. Anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi pa 10 alionse amene anatulutsidwa m'chipatala anamwalila chaka chisanathe, ndipo ana okhala na HIV ndiwo anali pangozi yaikulu. Banja lililonse limene litenga mwana ku wodi yotelo lifunika kumva mau awa lisanakwele basi: kutuluka m'chipatala si kuchila, musaphonye tsiku la kubwelela, akadwala pang'ono chabe musachedwe. Chidziwitso chimenechi chinagulidwa na miyoyo ya ana. Sichiyenela kukhala cha madokota okha.

Nidziwa zimene ofufuza adzayankha, ndipo zina ni zoona. Adzati ali na makomiti a anthu a m'komboni amene amawalangiza, ndipo amachita misonkhano youza anthu zotulukapo. Inde, mabungwe monga Zambart na CIDRZ ali nawo makomiti otelo, ndipo anthu amene amakhalamo amagwila ntchito yolemetsa. Koma Kanyama ili na anthu masauzande mazanamazana. Msonkhano wa mipando 40, ma drinki na chithunzi cha pa Facebook sungachedwe kuti komboni yauzidwa. Pofuna anthu olowa m'kafukufuku amadziwa kufika pa khomo lililonse, amadziwa kubweleka megafoni, amadziwa kumene kuli wailesi. Ine pa wailesi pamene nithandizila nawelengapo zilengezo zoitana anthu kukalembetsa. Gulu lina linatilonjeza kuti lidzabwela kudzakamba zimene lapeza. Zaka zapita, omvela amatumabe foni kufunsa, mpando wa mlendo ukali wopanda munthu.

Adzatinso sayansi ni yovuta kuiika m'Chinyanja. Ngati munakwanitsa kufotokozela ambuya osaphunzila kuti mudzalowetsa kamela m'mimba mwa mdzukulu wawo mpaka iwo kuvomela, mungakwanitse kuwafotokozela zimene kamelayo inaona. Chinenelo chimene chimanyamula milandu ya malowolo, maulaliki a maola atatu na mikangano ya bola sichingalephele kunyamula mfundo yakuti madzi oipa amawononga matumbo.

Adzati lamulo amalitsatila. Zoona, mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa National Health Research Act, imene inabala bungwe la National Health Research Authority. Lamuloli limaletsa kutulutsa magazi na zina zotengedwa m'thupi kunja kwa dziko popanda chilolezo, ndipo limafuna kuti zotulukapo ziyambe zamveka kuno kwathu zisanapite kunja. Ni lamulo labwino. Koma kuno kwathu ni kuti? Ngati ni mu holo ya hotela mmene mwakhala madailekita, a ku ma embassy na atolankhani awili, pepala la lamulo lakhutila koma George sanamve kanthu.

Kukhala chete kumeneku kuli na mtengo, ndipo amaulipila ni ofufuza omwewo. M'zaka za m'ma 1930 makolo athu anali kukamba za banyama, anthu amene amati amagwila anzawo usiku kuwachotsa magazi kupeleka kwa azungu. Lelo dzina linasintha, tikamba za Satanism, koma muzu ni umodzi. Munthu akaona magazi ake alowa m'kabotolo, kabotolo kalowa mu motoka yoyela, motoka yapita osabwelanso na mau, mtima wake udzadzilembela wokha yankho. Mphekesela imakula pa malo pamene panafunika kukhala chidziwitso. Pambuyo pake amai amabisa ana tsiku la katemela, wodwala chifuwa amakana kupeleka makhololo, ndipo a m'maofesi amati anthu a mu komboni ni mbuli. Amene sanauzidwe si mbuli.

Sinifuna kuti mlandu wonse ugwele alendo. Akulu anati mlendo ndiye abwela na kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko tinakaona ntchito yake. Funso ni lakuti eni nyumba tili na chiyani m'manja. Kafukufuku wa Septrin analipila ni boma la Britain. PERCH, ntchito ya pa mochale ya UTH na ya ana a ku Misisi analipila ni Gates Foundation. Wolipila ndiye amasankha funso. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lakunja, tinaona achinyamata anzathu ogwila ntchito m'makiliniki atakhala pa nyumba mwadzidzidzi. Mu May chaka chomwecho kazembe wa America, ba Michael Gonzales, analengeza kuti adzadula madola 50 miliyoni a mankhwala pa chaka chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala. Dziko limene mafunso ake a zaumoyo amadalila thumba la munthu wina limakhala lopanda mafunso tsiku limene thumbalo latsekedwa.

Ndipo mafunso athu tili nawo. Mu 2024 chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita maola 17 kapena kuposa pa tsiku, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse inabwelela ku mbaula. Mwezi wa June, m'chipinda chimodzi chogona anthu asanu, mawindo otseka, malasha ayaka, khanda lili pa msana. Utsi umenewo uchita chiyani ku mapapo a mwana wa miyezi itatu? Fumbi la miyala imene amai amaphwanya m'mbali mwa misewu lichita chiyani ku chifuwa chawo pakapita zaka khumi? Mwana amene amakula na jigisi na ma drinki a shuga chifukwa ndiye zotsika mtengo adzakhala bwanji akafika zaka 30? Awa ni mafunso a mu Lusaka, ndipo boma limene limatenga msonkho wathu liyenela kuika ndalama yake ku UNZA kuti ayankhidwe.

Zimene nipempha si zodula. Bungwe la National Health Research Authority na komiti ya ku UNZA yoona za chilungamo m'kafukufuku asavomeleze ntchito iliyonse ya mu komboni imene ilibe bajeti yobwezela yankho kwa anthu. Yankholo likhale tsamba limodzi la Chinyanja na Chibemba, lomatidwa pa chipupa cha kiliniki pamene anthu analembetsela, lowelengedwa ku sikelo na ku antenatal, lokambidwa pa wailesi na wofufuza mwini wake mafoni ali otsegula, lotumizidwa ngati mau pa WhatsApp kwa amene sawelenga. Olo zitapezeka kuti mankhwala amene anayesedwa sanathandize, tiuzeni, chifukwa nalonso ni yankho. Pa tsiku lolengeza pakhale munthu wa ku Unduna wa Zaumoyo, khansala na phungu wa delalo, akambe pamaso pa anthu chimene chisinthe na deti yake. Maina a anthu a m'makomiti olangiza ofufuza adziwike, ndipo mukhale achinyamata osankhidwa na komboni. Anyamata na atsikana amene amayenda m'matope na matabuleti kusonkhanitsa mayankho apatsidwe njila yopitila ku maphunzilo, kuti mawa wofufuza wamkulu adzakhale wobadwila ku Matero.

Kwa imwe anzanga, nchito ni yochepa ndipo ndalama ya transport imakopa, nidziwa. Lowani m'kafukufuku ngati mtima wanu wafuna, chifukwa katemela wa TB amene adzateteza ang'ono athu sadzagwa kumwamba. Koma safunsa anadya phula. Funsani amene alipila ntchitoyo. Funsani kumene magazi kapena makhololo anu apita na zaka zimene adzasungidwa. Funsani ngati mankhwalawo, akapezeka kuti agwila ntchito, adzafika pa kiliniki yanu. Dziwani kuti muli na ufulu wokana kapena wolekela panjila popanda kutaya thandizo lanu la ku chipatala, ndipo kope ya fomu imene mwasaina ni yanu, muisunge. Mukapelekeza amai anu kapena mlongo wanu, muwawelengele tsamba lililonse mokweza.

Tsiku limene adzagogoda pa geti na mafomu awo, alandileni bwino, apatseni mpando. Musanasaine, afunseni deti na malo kumene adzabwela kudzakuuzani zimene apeza, ndipo alembe pa fomu yomweyo, m'Chinyanja.